Chipanda Chilibe Malemba: Mowa ndi Mayi Woyembekezera

Amayi anzanga a kwa Kaphuka ndi midzi yozungulira, sabata ino tikambirane za kapepala kamene kamamatidwa pa botolo la mowa m'mayiko ena, kochenjeza mayi woyembekezera kuti asamwe. Nanga ife amene mowa wathu umabwera m'chipanda, chenjezo limeneli litipeza bwanji?

Nkhaniyi inayamba ndi madokotala. M'chaka cha 1968 dokotala wa ana ku France, Paul Lemoine, analemba za ana 127 obadwa kwa makolo omwa mowa mwauchidakwa, ndipo anaona kuti anawo anali ndi zilema zofanana. Mu 1973 madokotala awiri a ku America, Kenneth Jones ndi David Smith, anapezanso zomwezo, ndipo vutoli analitcha Fetal Alcohol Syndrome.

Pamenepo maboma anadzidzimuka. Ku America lamulo linakhazikitsidwa mu 1988, ndipo kuyambira mu 1989 botolo lililonse la mowa limakhala ndi chenjezo. Ku France, kuyambira mu 2007, mabotolo ambiri ali ndi chithunzi cha mayi wapakati atanyamula tambula, chodulidwa ndi mzere, kuti ndi wosadziwa kuwerenga yemwe amve. Ku South Africa, kumene abale athu ambiri amapita kukagwira ntchito, mawu ochenjeza anayamba kulembedwa mu 2009, ndipo ena mwa mawuwo amanena za mwana wosabadwa.

Kodi mowa umachita chiyani m'mimba? Mayi akamwa, mowawo umalowa m'magazi ake, n'kudutsa pa nsengwa ndi pa mchombo kukafika kwa mwana. Chiwindi cha mwanayo n'chosakhwima, sichingathe kuchotsa mowa monga chimachitira cha munthu wamkulu. Choncho ubongo umene ukungoumbika umawonongeka. Pathupi pena pamapita padera. Ana ena amabadwa onyentchera, a mutu waung'ono, maso aang'ono ndi mlomo wam'mwamba wopyapyala. Koma ambiri saoneka pankhope. Vuto limadzadziwika kusukulu, pamene mwana akuiwala msanga, akulephera kukhazikika, ndi kubwereza kalasi chaka ndi chaka. Ife timamukalipira kuti ndi waulesi, chonsecho cholakwa si chake. Kuwonongeka kumeneku sikuchira moyo wonse, ndipo madokotala sanapeze mlingo wa mowa umene angati ndi wosavulaza mwana wam'mimba. Akuluakulu anati m'mera m'poyamba.

Kuno kwathu boma linaletsa mowa wa m'masacheti mu 2015, ndipo mu 2017 linatulutsa ndondomeko ya dziko lonse yokhudza mowa. Zimenezi n'zoyamikika. Komabe masese a pa dima, a pa ukwati ndi a pa ziliza sadutsa ku fakitale. Kachasu amathiridwa m'botolo lakale lopanda dzina. Ngakhale malamulo atachuluka chotani, palibe amene adzamate kapepala pa mbiya. Tsono kapepala ka kumudzi kuno ndi pakamwa pathu.

Choyamba, anamkungwi. Pa chisamba mumalangiza mtsikana wa mimba yoyamba za kudzisunga kwake. Pa malangizowo onjezanipo limodzi ili: miyezi isanu ndi inayi, mowa ayi, ngakhale wolawa.

Chachiwiri, inu amayi ofulula ndi otcheza. Tikudziwa kuti ndalama ya mowa ndiyo imagula sopo, feteleza wa mbatatesi ndi makope a ana. Sitikukunyozani. Tikungopempha kuti wapakati akafika pa mowa wanu mumupatse thobwa latsopano, losasasa. Inuyo mukakhala oyembekezera, pezani mnzanu wokulawirani. Mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Chachitatu, apongozi ndi azigogo. Ena amati masese ndi chakudya, amawonjezera magazi ndi mphamvu. Magazi amachokera ku nyemba, chisoso, bonongwe, usipa, mazira ndi mankhwala amene amaperekedwa ku sikelo. M'chipanda mulibe magazi.

Chachinayi, abambo. Amayi ena amamwa chifukwa cha nkhawa ndi nkhanza za m'banja, ena chifukwa chokakamizidwa kuti alawe. Mwamuna amene aleka kubwera ndi botolo kunyumba miyezi imeneyi wateteza mwana wake asanamuone n'komwe.

Nanga mayi amene anamwa asanadziwe kuti waima? Asataye mtima ndipo asabise. Ubongo wa mwana umakula mpaka tsiku lobadwa, choncho kusiya lero kuli ndi phindu. Apite ku sikelo msanga akawauze anamwino poyera. Amene mowa unamulowerera afunika thandizo la kuchipatala ndi la anzake, osati miseche ya pa mjigo.

Tsiku la 9 September mayiko ambiri amakumbutsana za vutoli chaka chilichonse, pokumbukira miyezi 9 ya pathupi. Magulu athu a amayi apemphe mafumu ndi alangizi a zaumoyo kuti tsikulo likhale la msonkhano pa bwalo. Koma tisadikire September. Mlungu uno, aliyense wa ife auze woyembekezera mmodzi, mwachifatse ndi mwaulemu.