Kukalipa si chenjezo

Nyengo yokumba mbatatesi ikafika, mosungira katundu mwa ku Ulongwe mumayamba piringupiringu tambala asanalire kachiwiri. Malole opita ku Tete amakhala atandanda kale pakhomo, ndipo mnyamata wonyamula matumba akachedwa ndi theka la ola, kapitawo amamulonjera ndi mawu osalembeka m'nyuzipepala. Pakapita miyezi iwiri n'kuchedwanso, amauzidwa kuti asadzapondenso pamalopo, "paja tinakuchenjeza kale". Milandu yotere ndiyo imatifikira ife oyanjanitsa mabwana ndi antchito, ndipo funso langa loyamba silisintha: munamuchenjeza, kapena munangomukalipira?

Lamulo la ntchito la dziko la Mozambique, lakale lija la nambala 23 la 2007 ndi latsopanoli la nambala 13 la 2023, lomwe linayamba kugwira ntchito mu February 2024, limasanja zilango zisanu ndi chimodzi ngati makwerero. Pansi penipeni pali chenjezo la pakamwa, lomwe m'Chipwitikizi amati admoestação verbal. Pamwamba pake pali chidzudzulo cholembedwa, kenako kuimitsidwa ntchito popanda malipiro mpaka masiku 10 pa cholakwa chimodzi, chindapusa chosapitirira malipiro a masiku 20, kutsitsidwa paudindo, ndipo kunsonga kuli kuchotsedwa ntchito.

Choncho chenjezo la pakamwa ndi chilango ndithu, osati mkwiyo wa m'mawa. Chimene mabwana amalikondera n'chakuti silifuna mlandu wa mapepala. Chimene amaiwala n'chakuti chilango chilichonse, ngakhale chaching'ono ichi, sichiperekedwa munthu asanamvedwe. Kapitawo wodziwa ntchito amamuitanira mnyamatayo pambali, kutali ndi makutu a anzake, n'kumutchulira cholakwa chake, tsiku lake ndi ola lake, kenako n'kukhala chete kuti nayenso ayankhule. Mwina njinga inaphulika tayala pochokera ku Domwe. Mwina kumudzi kunagwa zovuta usiku. Mwinanso anangogonereza, ndipo akavomera yekha, chenjezolo limalowa bwino kuposa chipongwe chilichonse.

Pali mfundo ina imene imawagwetsa ambiri. Cholakwa chimodzi chimalandira chilango chimodzi. Bwana amene wachenjeza Lolemba sangadzadulenso chindapusa kumapeto kwa mwezi pa kuchedwa komwe kuja. Nkhaniyo inatha Lolemba lomwelo. Ndipo cholakwa chikagona miyezi 6 osachilanga chimafa, pokhapokha ngati ulinso mlandu wa kupolisi.

Vuto la mawu n'lakuti amauluka. Ndimalangiza akapitawo kuti pochenjeza pazikhala mboni, makamaka nthumwi ya bungwe la antchito ngati ilipo, ndipo tsikulo lizilembedwa m'kope. Koma kopelo lisawanamize. Ngakhale machenjezo atakwana khumi, kuchotsa munthu kumafunabe kalata yomunenera mlandu, nota de culpa, masiku 15 oti adziteteze, ndi maganizo a bungwe la antchito. Wodumpha zimenezi amaluza ngakhale wantchitoyo anali wolakwadi, zomwe zimawawa, koma ndi mmene zilili.

Anzathu amene anagwirapo ntchito kutsidya, ku Dedza kapena ku Ntcheu, amasokonezeka pano. Lamulo la ku Malawi la chaka cha 2000 limatchula chenjezo lolembedwa, kuimitsa ntchito ndi kutsitsa paudindo, ndipo limaletsa bwana kulipiritsa wantchito chindapusa. Kuno ku Angonia chindapusa n'chololedwa, koma chimadzera m'mlandu wa mapepala, osati pakamwa pa kapitawo.

Inu amene munathamangitsidwa ndi mawu akuti "tinakuchenjeza kale" popanda kalata iliyonse, musangokhala pakhomo kudandaula. Bungwe loyanjanitsa pa milandu ya ntchito la COMAL lili ndi ofesi mumzinda wa Tete. Pitani msanga, mutanyamula chilichonse chosonyeza tsiku limene munayamba ntchito.