Chifukwa Chiyani Adokotala a Maso Amati Mubwerenso?

Anthu ambiri amadandaula akauzidwa ku chipatala cha maso kuti abwerenso pakapita miyezi ingapo. Ulendo ndi wautali, ndalama ya basi ndi yosoŵa, ndipo diso silikupweteka. Komatu ulendo wachiŵiriwo ndi wofunika kwambiri, makamaka ngati adokotala akuganizira nthenda ya glaucoma.

Nthendayi imawononga mtsempha umene umatenga zimene diso laona kupita nazo ku ubongo. Mtsemphawu uli ndi timitsempha toposa 1 miliyoni, ndipo timene tafa sitimeranso. Kaŵirikaŵiri munthu samva ululu, amangoyamba kusaona zinthu za m'mbali pang'onopang'ono. Anthu akuda amaidwala kwambiri kuposa azungu.

Adokotala akaunika m'diso amaona nsonga ya mtsemphawu. Maonekedwe ake ali ngati mtondo mukauyang'ana pamwamba: dzenje pakati ndi mlomo mozungulira. Nthenda ikamakula dzenje limakula ndipo mlomo umachepa, monga mtondo wakale umene wadyeka ndi munsi.

M'chaka cha 1967 dokotala wina ku America, Mansour Armaly, anafalitsa njira yoyerekeza kukula kwa dzenje ndi kukula kwa nsonga yonse. Ngati dzenje latenga theka, amalemba 0.5. Njirayi ndi yapafupi, koma ili ndi zofooka ziŵiri. Choyamba, maso a anthu oyesa amasiyana. M'chaka cha 1976 Paul Lichter anapatsa akatswiri zithunzi zofanana, ndipo mayankho awo anasiyana. Chachiŵiri, mtondo waukulu umakhala ndi dzenje lalikulu chiusemereni. Motero munthu wobadwa ndi nsonga yaikulu angaoneke ngati wodwala pamene ali bwino, ndipo wa nsonga yaing'ono angaoneke ngati ali bwino pamene nthenda yayamba kale.

Pofuna kukonza zimenezi, m'chaka cha 2002 George Spaeth wa ku Philadelphia ndi anzake anafalitsa njira yoyang'ana pamene mlomo wachepa kwambiri, poganiziranso kukula kwa nsongayo. Masiku ano kulinso makina oyesa timitsempha timeneti, ngakhale nawonso nthaŵi zina amaphonya.

Nchifukwa chake dokotala wanzeru sagamula atangoona kamodzi. Amayesa mphamvu ya madzi a m'diso, amayesa mmene mukuonera za m'mbali, ndipo amayerekeza zimene waona lero ndi zimene zinalembedwa kale. Kusintha kwa mtsempha pakapita nthaŵi ndiwo umboni wodalirika koposa.

Choncho, amayi ndi abambo, sungani bwino buku lanu la ku chipatala ndipo muzipita nalo ulendo uliwonse. Musaphonye tsiku limene mwauzidwa. Ngati mwapatsidwa mankhwala odontheza m'maso, musasiye chifukwa chakuti diso silikupweteka. Ngati muli ndi zaka zoposa 40, kapena m'bale wanu ali ndi nthendayi, pitani mukayezetse maso. Mankhwala sabweza kuona kumene kwatayika, koma amateteza kumene kwatsala.