Tizilombo ta m'matumbo timene tikupima mankhwala

M'matumbo mwa munthu aliyense mumakhala mabakiteriya otchedwa Enterococcus, ndipo akakhala mmenemo savuta. Amavuta akalowa kumene si kwawo: m'chikhodzodzo kudzera pa kapaipi kotulutsira mkodzo, pa bala la opaleshoni, m'magazi, ngakhale mu mtima. Mitundu imene imapezeka kwambiri mwa odwala ndi iwiri. Enterococcus faecalis ndi wofala, koma nthawi zambiri amamva ampicillin. Enterococcus faecium ndiye wouma mutu, ndipo m'chaka cha 2017 bungwe la WHO linamuika pa mndandanda wa tizilombo tofunika kufunafuniridwa mankhwala atsopano mwachangu. Mfundo yanga ndi yakuti tizilomboti tikukula mphamvu chifukwa cha mmene ife tikugwiritsira ntchito mankhwala, choncho kugonjetsa tizilomboti kuyenera kuyambira pa ife.

Taganizirani za ceftriaxone, jakisoni amene zipatala zathu zimadalira kwambiri munthu akagonekedwa ali ndi thupi lotentha. Mwachibadwa chake, Enterococcus samva mankhwala amenewa. Jakisoniyo akapha mabakiteriya ena a m'matumbo, iye amatsala yekha m'munda wolimalima kale, n'kufalikira ngati namsongole. Akatuluka ndi chimbudzi amatha kukhala milungu yambiri pa zitsulo za bedi, pa zitseko ndi pa zida za mu wodi, kudikira dzanja limene silinasambidwe kuti limufikitse kwa wodwala wina.

Madokotala ankadalira vancomycin pamene mankhwala ena alephera. Koma m'chaka cha 1986, ku England ndi ku France kunapezeka Enterococcus wosamva vancomycin. Mankhwalawa amagwira pa kachigawo kena ka chikungwa cha bakiteriya. Kachilomboka kanapeza jini yotchedwa vanA, imene imasintha kachigawoko kuti mankhwala asowe pogwira. Ku Ulaya alimi ankasakaniza avoparcin, mbale wake wa vancomycin, m'zakudya za nkhuku ndi nkhumba kuti zinenepe msanga, ndipo Enterococcus wopima anachuluka m'ziwetozo. Dziko la Denmark linaletsa avoparcin mu 1995, mayiko a European Union anatsatira mu 1997, ndipo tizilombo topima tinayamba kuchepa mu nkhuku. Umenewu ndi umboni wakuti anthu akasintha khalidwe, tizilombo timabwerera m'mbuyo. Choopsa china n'chakuti jiniyo imasamuka: mu 2002, ku Michigan m'dziko la America, vanA inapezeka italowa mu Staphylococcus aureus, bakiteriya woyambitsa zithupsa ndi matenda a m'magazi.

Wina anganene kuti asayansi apanga mankhwala ena. N'zoona kuti linezolid anabwera mu 2000 ndipo daptomycin mu 2003, koma Enterococcus wosamva awanso anapezeka kale, ndipo mtengo wa mankhwalawa chipatala cha boma chaching'ono sichingaukwanitse tsiku ndi tsiku. Wina anganenenso kuti limeneli ndi vuto la mayiko olemera. Kafukufuku amene anasindikizidwa mu magazini ya The Lancet mu 2022 anaonetsa kuti mu 2019 mabakiteriya osamva mankhwala anapha anthu pafupifupi 1.27 miliyoni, ndipo poyerekeza ndi chiwerengero cha anthu, imfa zinachuluka kwambiri kuno ku Africa, kumwera kwa chipululu cha Sahara. Kumene kulibe mankhwala achiwiri, oyamba akalephera munthu amapita.

Chidandaulo chomveka kwambiri ndi cha dokotala amene wodwala wake ali kayakaya, ndipo sangadikire masiku awiri kapena atatu kuti labotale iyankhe. Ameneyo ayambedi kupereka mankhwala, palibe womuletsa. Koma atenge kaye magazi kapena mkodzo wokayeza, kuti zotsatira zikabwera asinthe mankhwala kapena awasiye. Izi zimatheka pokhapo pamene labotale ili ndi zipangizo, magetsi ndi antchito, ndipo wodi ili ndi madzi ndi sopo. Ndalama zogulira zimenezi zimapulumutsa miyoyo mofanana ndi zogulira jakisoni. Nafenso tili ndi gawo lathu: kuleka kugula makapisozi pa golosale chifukwa cha chimfine, kusagawana mankhwala otsala, kusapatsa nkhuku maantibayotiki pamene sizikudwala, ndi kusamba m'manja tikamasamalira m'bale wathu ku chipatala. Mankhwala amene tawasunga lero ndi amene adzachize mwana wogonekedwa mawa.