CRP m'magazi: zimene imasonyeza pa chimfine ndi chibayo

Ku Kapondo m'boma la Mchinji, mlangizi wa zaumoyo amatha kulandira ana awiri otsokomola ndi otentha thupi m'mawa umodzi. Wina adzachira pakapita masiku ochepa, mnzakeyo akhoza kubanika usiku womwewo. Ntchito yaikulu ndiyo kudziwa msanga woyenera kutumizidwa kuchipatala chachikulu. Ofufuza akhala akuyesa ngati magazi angathandize pa chisankho chimenechi.

Vayirasi ikalowa m'mapapo, chitetezo cha m'thupi chimatulutsa timadzi toitana maselo olimbana ndi matenda. Kamodzi mwa timadzito, IL-6, kamachititsa chiwindi kupanga puloteni yotchedwa CRP. Mwa munthu wabwinobwino CRP imakhala pansi pa 10 mg/L. Imayamba kukwera pakatha maola 6 mpaka 8, imafika pachimake pakatha masiku pafupifupi awiri, ndipo kutupa kwa m'kati kukaleka imatsika ndi theka pa maola pafupifupi 19 aliwonse. N'chifukwa chake kuyeza kawiri pa masiku osiyana kumathandiza kuposa kuyeza kamodzi: kumasonyeza ngati wodwala akupeza bwino kapena akuipiraipira.

Chizindikiro china chimapezeka poyeza maselo onse a m'magazi. Matenda akakula, maselo oyera otchedwa ma neutrophil amachuluka pamene ma lymphocyte amachepa.

Mliri wa COVID-19, umene unafika m'Malawi pa 2 Epulo 2020, unaonetsa phindu la zizindikirozi. Odwala amene CRP yawo inali yokwera kwambiri ndiwo kawirikawiri ankafuna okosijeni, chifukwa chimene chinkawononga mapapo awo sichinali vayirasi yokha komanso chitetezo cha m'thupi chopyola muyezo. Mu kafukufuku wa RECOVERY ku Britain, mankhwala a tocilizumab anayesedwa pa odwala operewera okosijeni amene CRP yawo inali 75 mg/L kapena kuposa, ndipo imfa zinachepa.

Komabe CRP imasonyeza kukula kwa kutupa, osati chimene chakuyambitsa. Malungo amaikweza kwambiri, chimodzimodzi TB, zilonda zamafinya ndi chibayo cha mabakiteriya. M'dera la malungo ngati Mchinji, mwana wa CRP yokwera ayenera kuyezedwanso malungo. Ndiponso CRP yokwera payokha si umboni woti pakufunika maantibayotiki. Kafukufuku wa PERCH, amene anachitika m'mayiko 7 kuphatikizapo Zambia, anapeza mu 2019 kuti mavayirasi ndiwo anayambitsa chibayo choopsa mwa ana pafupifupi 6 mwa 10 aliwonse opanda HIV amene anagonekedwa. CRP yotsika nayonso ikhoza kupusitsa: khanda lodwala RSV limatha kubanika koopsa CRP isanakwere n'komwe.

Kuyeza CRP kumafuna labotale kapena zipangizo zimene kiliniki ya m'mudzi ilibe. Koma Mchinji ili ndi umboni wakewake wa njira yapafupi. Pakati pa 2012 ndi 2014, alangizi a zaumoyo ndi ogwira ntchito m'zipatala zazing'ono za Mchinji ndi Lilongwe anagwiritsa ntchito kachipangizo kopanira pachala koyezera okosijeni. Kanapeza ana ambiri operewera okosijeni amene akadabwezedwa kunyumba poona zizindikiro zakunja zokha.

Choncho m'mudzi muyezo woyamba ukadali kuwerenga mpweya kwa mphindi yathunthu mwana ali phee. Kupuma n'kothamanga kukafika ka 60 mwa khanda losakwana miyezi 2, ka 50 mwa wa miyezi 2 mpaka 11, ndi ka 40 mwa wa chaka chimodzi mpaka zaka 5. Mwana wokomoka, wolefuka kwambiri, wosanza chilichonse, wolephera kuyamwa kapena kumwa, kapena amene okosijeni wake ali pansi pa 90 peresenti, atumizidwe kuchipatala nthawi yomweyo. Zoyeza magazi akazipeza komweko, asazidikire m'mudzi.