NGONGOLE YA MSONKHO WA NTHAKA IDZUKA PA TSIKU LOGULITSA NYUMBA

Wogulitsa nyumba ndi wogula amvana mtengo ali pa khonde ku Woodlands, agwirana canza, ndipo wogula apereka ndalama zoyamba tsiku lomwelo. Pakupita kwa sabata imodzi onse awiri afika ku Mulungushi House pa msewu wa Independence Avenue, kumene kuli Unduna wa za Malo, ndipo kalaliki awauza kuti pulotiyo iri ndi ngongole ya msonkho wa nthaka ya zaka zambiri. Wogulitsa adabwa, pakuti iye adziwa kuti nyumbayo anaigula ndi ndalama zace. Wogula ayamba kucita mantha. Pamenepo malonda aima, ndipo kawirikawiri cibwenzi naconso cithera pomwepo.

Kuti owerenga athu amvetse kumene ngongoleyi icokera, tiyenera kubwerera ku caka ca 1975. Pa 30 June caka cimeneco, a Pulezidenti Kenneth Kaunda analankhula ku Mulungushi Hall nadzudzula anthu amene anali kulemera pogula ndi kugulitsa mapuloti opanda kanthu pakati pa mzinda wa Lusaka. Lamulo linatsatira msanga. Kuyambira pa 1 July 1975 malo onse amene anthu anali nao ngati ao-ao mpaka muyaya anasanduka obwereka ku Boma kwa zaka 100. Lamulo la za Malo la 1995 linacotsa lamulo lija nilola kuti nthaka ikhalenso ndi mtengo pa malonda, koma linasunga mfundo yaikulu: nthaka yonse ya Zambia iri m'manja mwa a Pulezidenti m'malo mwa anthu onse, ndipo munthu aibwereka kwa zaka zosapitirira 99. Motero mwini nyumba ya ku Kabulonga, ngakhale mpanda wace utalike motani, ali mlendi wa Boma, ndipo mlendi alipira. Malipiro a caka ndi caka amenewo ndiwo msonkho wa nthaka, umene ambiri aucha giraundi lenti.

Msonkhowu pa caka cimodzi suli waukulu poyerekeza ndi mtengo wa nyumba, ndipo cimeneci ndico cimene cipusitsa anthu. Palibe amene abwera kudzadula madzi kapena magetsi cifukwa ca iwo. Munthu aiwala caka coyamba, aiwala caciwiri, kenaka zaka khumi zapita. Koma buku la Boma siliiwala. Lamulo la 1995 liika cilango ca K25 pa K100 iriyonse imene yacedwa. Ndiko kunena kuti ngongole ya K2,000 ikhala K2,500. Lipatsanso Boma mphamvu yolanda puloti kwa munthu wophwanya mapangano a cikalata cace, litamcenjeza miyezi itatu, ngakhale wolandidwayo ali ndi ufulu wokadandaula ku bwalo la Lands Tribunal.

Tsiku logulitsa ndilo tsiku limene zonsezi zionekera poyera. Palibe munthu angagulitse kapena kupatsa mnzace malo a cikalata popanda cilolezo ca a Pulezidenti, cimene cicokera ku ofesi ya Komishinala wa za Malo, ndipo ofesiyo iyamba yaona ngati msonkho wa nthaka unalipidwa wonse. Lamulo linena kuti ngati masiku 45 apita copempha citalowa popanda yankho, cilolezo ciyesedwa coperekedwa. Koma wina asadalire mau amenewa kuti azembe ngongole, pakuti idzamdikira pa khomo lotsatira. Kuyambira mu 2023 Unduna ugwiritsa nchito dongosolo la pa kompyuta lochedwa ZILAS, ndipo munthu akhoza kuona ngongole ya puloti yace ndi kulipira osaima pa mzere. Amene ali ndi malisiti akale a pepala awasunge bwino. Pakabuka kusiyana pakati pa lisiti ndi kompyuta, pepalalo ndilo mboni yao.

Pano pali cinthu cimene cisokoneza anthu a ku Kabwata ndi ku Chelstone. Nyumba zambiri za kumeneko zinali za Khonsolo, ndipo zinagulitsidwa kwa okhalamo mu 1996, m'nthawi ya a Pulezidenti Frederick Chiluba. Ambiri mwa iwo zikalata zao zinaturuka ku Khonsolo ya Lusaka, osati ku Unduna, potsata lamulo la nyumba la 1974. Mwini nyumba wotere ayambe wayang'ana cidindo ca pa cikalata cace asananyamuke, pakuti nkhani yace iyambira ku Civic Centre. Ndiponso msonkho wa nthaka suli cimodzimodzi ndi msonkho wa nyumba umene Khonsolo itolera, uja wochedwa mareti. Ndaona anthu acikulire akutulutsa mulu wa malisiti a mareti mokondwa, poganiza kuti alibe ngongole ina iriyonse. Misonkhoyi ndi iwiri, ndipo wogula wanzeru afunsa za yonse iwiri.

Cilolezo cikaturuka, katundu wolemera ndiye ayamba. Bungwe lotolera misonkho la ZRA lifuna msonkho wa kusintha umwini, umene unakhazikitsidwa mu 1984, ndipo wolipira ndi wogulitsa. Kuyambira mu January 2025 msonkhowu unakwera kucoka pa K5 kufika pa K8 pa K100 iriyonse. Nyumba ya K1,000,000 imene kale inali kulipira K50,000 tsopano ilipira K80,000. Ena ayesa kulemba mtengo wocepa pa pepala kuti acepetse msonkho, koma a ZRA ali ndi mphamvu yowerengera pa mtengo weniweni wa pa msika, ndipo wogula amene abvomera cinyengo cotere adzimangira yekha msampha ngati mlandu ungabuke. Pamwamba pa izi pali malipiro a loya, ndi malipiro olembetsera umwini watsopano ku ofesi ya zikalata za malo. Cikalata cosainidwa mu Lusaka ciyenera kulembetsedwa masiku 30 asanathe.

Obvutika koposa ndi amasiye. Bambo amwalira, cikalata cikhala m'sutukesi, ndipo palibe mwana amene adziwa kuti pali colipira caka ndi caka. Pamene banja lifuna kugulitsa kuti ligawane, lipeza ngongole, ndiponso limva kuti lamulo la za cuma ca masiye la 1989 silola woyang'anira cumaco kugulitsa nyumba popanda cilolezo ca khoti. Miyezi ipita, wogula atopa nafuna ndalama zace, pamene zina zinadyedwa kale.

M'kuona kwanga, colakwa cacikulu cicitika pa khonde paja. Wogula asapereke ngwee iriyonse asanafufuze pulotiyo ku ofesi ya zikalata za malo ndi kuona pepala la ngongole ya msonkho wa nthaka la mwezi womwewo. Ngati ngongole iripo ndipo wogulitsa alibe ndalama, zilembedwe m'pangano kuti loya adzailipira kucokera pa ndalama zoyamba, ndi kuti zotsalazo zidzakhala m'manja mwa loya kufikira cilolezo ndi cikalata ca ZRA zitaturuka.