Maloko Obisa Mau pa Lamya

Munthu wa nchito ku fakitale ya feteleza ya Nitrogen Chemicals ku Kafue akafuna kuona malipiro ace pa intaneti, lamya yace iyamba yapangana ndi kompyuta ya banki ku Lusaka za njira yobisira mau. Njirayo iri ngati loko: mbala ingagwire mauwo panjira, koma siingathe kuwawerenga.

Tsono maloko onse sali olimba cimodzimodzi. Loko wa caka ca 1977, dzina lace DES, anathyoledwa ndi makina mu 1998 m'maora 56 okha. Wina, RC4, analetsedwa mu 2015. Cifukwa cace amisiri okonza mapulogramu a banki ayenera kucotseratu maloko akalewa, pakuti akawasiya, mbala yocenjera ingathe kunyenga lamya ndi kompyuta kuti zigwirizane pa loko wofooka, ndipo ndalama za mwezi wathunthu zingalowe m'thumba la mlendo.

Lamulo latsopano la TLS 1.3, limene linaturuka mu 2018, linasunga maloko a mitundu iwiri basi: AES, amene anampanga amuna awiri a ku Belgium, ndi ChaCha20. Waciwiriyu ndiye bwenzi la anthu wamba, popeza afulumira bwino pa lamya zotsika mtengo, zimene ziribe kacitsulo kothandiza AES kuthamanga.