Padre Brown: wansembe amene amaulula zigawenga popanda mfuti

M'mabuku a nkhani zofufuza milandu amene amapeza wolakwa amakhala wapolisi nthawi zambiri. Koma ku England kuli nthano zotchuka zomwe ntchito imeneyi imagwiridwa ndi wansembe wa Katolika, wamfupi, wa nkhope yobulungira, woyenda ndi ambulera yakale. Pa Chingerezi amamutcha Father Brown, ndipo m'mabuku omasuliridwa m'Chipwitikizi ndi Padre Brown.

Wansembeyu ndi wongopeka. Anamupeka ndi mlembi G. K. Chesterton, yemwe anabadwa mu 1874 n'kumwalira mu 1936. Nthano yoyamba inatuluka mu 1910, ndipo mabuku asanu a nthanozi anasindikizidwa kuyambira 1911 mpaka 1935. Chesterton anatengera khalidwe la mnzake, Padre John O'Connor wa ku Bradford, amene anamulandira mu mpingo wa Katolika mu 1922.

Kodi nzeru zogwirira zigawenga wansembe angazitenge kuti? Nthanozi zimayankha kuti ndi kwa anthu olapa machimo. Pomvetsera olapa kwa zaka zambiri, Padre Brown anadziwa machenjera a akuba ndiponso zomwe zimakankhira munthu kupha mnzake. Akafika pa mlandu amadziika m'malo mwa wolakwayo n'kudzifunsa kuti: ndikanakhala ine, chikanandichititsa n'chiyani?

Nthano yotchedwa The Hammer of God, kutanthauza nyundo ya Mulungu, ikuonetsa bwino njira yakeyi. M'mudzi wina, msilikali wamkulu dzina lake Norman Bohun, chidakwa chomwe chinkazemberana ndi mkazi wa mmisiri wosula zitsulo, anapezeka atafa, mutu utaphwanyika. Pambali pake panali kanyundo kakang'ono. Anthu analoza chala mmisiri uja chifukwa ndiye anali ndi mphamvu zotere komanso chifukwa chokwiyira. Zitadziwika kuti nthawiyo iye anali kumudzi wina, mchimwene wa malemuyo, m'busa Wilfred Bohun, anakankhira mlandu kwa munthu wodwala misala wa m'mudzimo.

Padre Brown anaima pa funso limodzi: munthu wamphamvu, wokhala ndi nyundo zikuluzikulu pafupi, angasankhirenji kanyundo? Ndipo kanyundo kangaphwanye bwanji mutu chotero? Yankho linali pamwamba pa nsanja ya tchalitchi. Chinthu chaching'ono chikagwa kuchokera kutali chimamenya ndi mphamvu yoopsa. Anagwetsa kanyundoko anali m'busa yemwe uja, amene popemphera pamwambapo anayamba kudziona ngati woweruza anzake.

Mathero ake ndiwo amasiyanitsa nthanozi ndi zina. Wilfred atafuna kudziponya pansi, Padre Brown anamugwira, namulonjeza kuti chinsinsicho sauza munthu, namusiya kuti asankhe yekha. M'busayo anatsika n'kukadzipereka kwa apolisi, ndipo wosalakwa uja anapulumuka. Zinatero ndi Flambeau, mbava yotchuka ya ku France ya m'nthano yoyamba: patsogolo pake inasiya kuba, n'kukhala bwenzi la wansembeyu komanso wofufuza milandu.

M'nthano zambiri anthu amathamangira kunena kuti imfa yabwera ndi matsenga kapena temberero, koma wansembeyu ndiye amayamba kukana, n'kufuna umboni wogwirika. Kwa iye, kuloza chala munthu chifukwa chongomuganizira kumapha wosalakwa, pamene wolakwa weniweni ali phee pakati pa olira maliro.

Kuyambira 2013, BBC yakhala ikuonetsa sewero la pa kanema lochokera ku nthanozi, ndipo Mark Williams ndiye amasewera ngati Padre Brown.